Ndithandizeni dzina la filimu ya magolovesi akuda

Mlimi wa ku Lizulu:
Abale anga, pali filimu imene yandikhala m'mutu kuyambira ndili Sitandade 7. Tsiku limenelo ndinaperekeza amalume kukagulitsa kachewere pamsika wa Lizulu, ndipo tindalama timene anandipatsa ndinakatithera ku vidiyo, kachinyumba ka mabenchi kuseri kwa golosale. Munali mu June, chisanu chake mukuchidziwa. Filimuyo inali ya azungu, yakalekale. Wopha anthu sankaoneka nkhope, manja okha ovala magolovesi akuda achikopa. Asanaphe munthu ankayamba waika kanyimbo ka mwana, kokhala ngati kogonetsera khanda. Penanso chidole chinatulukira chikuseka n'kuthamangira bambo wina m'chipinda mwake. Mnyamata amene ndinakhala naye benchi imodzi anagwa chagada, ine ndinangoti kukamwa yasa.

Tsono jenereta inatha mafuta filimu isanathe. Mwini vidiyo anati tibwere mawa, koma mawa lakelo tinapeza ya karate, tepi ija atabweza kale kwa eni ake. Pano ndili ndi ana anayi koma sindidziwabe kuti ankapha anthu aja ndani. Alipo akuidziwa?

Mphunzitsi wa pa Dedza boma:
Achimwene, musavutikenso. Imeneyo ndi Profondo Rosso, pa Chingerezi Deep Red, ya ku Italy, ya mu 1975. Anaikonza ndi Dario Argento. Mwamuna woyimba piyano amene amafufuza wakuphayo mufilimumo ndi David Hemmings, mtolankhani wamkazi amene ankafufuza naye ndi Daria Nicolodi. Nyimbo zambiri zothamangitsa mtima zija ndi za gulu la Goblin.

Mafilimu otere kwawoko amawatcha giallo, kutanthauza chikasu, chifukwa timabuku ta nkhani zakupha timene kampani ya Mondadori inayamba kutulutsa mu 1929 tinali ndi zikuto zachikasu. Magolovesi akudawo ndiye chizindikiro chake, ndipo wokonza mafilimu wina, Mario Bava, anali atawaonetsa kale mu Blood and Black Lace ya 1964.

Wakuphayo sindikuuzani, mwadikira zaka zambiri. Koma mvetserani ichi: munamuona kale tsiku lomwe lija, mafuta asanathe. Chakumayambiriro, woyimba piyano akuthamangira m'nyumba ya mayi amene waphedwa, amadutsa m'kanjira kodzaza zithunzi pakhoma. Pambuyo pake mtima umamuvuta kuti chithunzi chimodzi chasowa. Mukaipeza, imitsani pamenepo, muyang'ane khoma bwinobwino. Ine ndinabweza katatu, thupi lonse tsembwe. Argento sanabise kanthu, anaika nkhopeyo poyera, podziwa kuti maso athu adzathamangira kumene kuli magazi.

Mayi wa ku Nsipe:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ine mtima wandipweteka poona kuti mwana wa Sitandade 7 analowetsedwa kukaonera zimenezi. Muli mayi amene amamuviika nkhope m'bafa la madzi otentha, ine ndinatseka maso. Bambo a ku Lizulu, mukaipeza chonde ana akhale atagona. Funso langa n'lakuti, bwanji milomo ndi mawu siziyendera limodzi? Ndinkayesa foni yanga ndiyo yavuta.

Mphunzitsi wa pa Dedza boma:
Si foni yanu, mayi. Nthawi imeneyo ku Italy ankajambula zithunzi kaye, mawu n'kudzawalowetsa pambuyo mu situdiyo, ena a Chitaliyana, ena a Chingerezi. Komanso filimuyi ilipo pawiri: ya kwawo imapitirira maola awiri, yotumiza kunja anaidula pafupifupi mphindi 20. Achimwene, funani yaitaliyo.

Mlimi wa ku Lizulu:
Aphunzitsi, mwandichotsa minga. Kanjira ka zithunzi kaja ndikukakumbukira ndithu, ndiye kuti ndinamuyang'ana m'maso osadziwa! Mayi, mawu anu ndamva, ana sadzaionera. Loweruka ndikagulitsa kabichi ndipita kwa anyamata oika mafilimu mu memori, dzinalo ndalemba pakapepala. Batire ya sola ndiitchaja tsiku lonse, isadzandithere panjira.