Kodi ndemanga ya chimbale cha black metal ingakhale yosakondera?

Wa ku Kapata, Chipata

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwamvera kwa nthawi yaitali nyimbo za black metal, mtundu wa nyimbo za rock za magitala aphokoso ndi mawu okuwa. Ndimalemba ndemanga za magulu ang'onoang'ono amene amaika nyimbo zawo pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo, ndipo posachedwapa ndinayamikira chimbale china chojambulira m'nyumba, chimene magitala ake ndi opyapyala ndipo besi sakumveka n'komwe. Mnzanga wina amene amajambula makwaya mu situdiyo yake kuno ku Chipata atachimvera anandiuza kuti chimbale chojambulidwa moipa n'choipa basi, ndipo kuti ine ndinachitamanda chifukwa khutu langa linazolowera phokoso lotere. Kodi ulipo muyeso umene tonse tingagwirizane nawo pa nyimbo zimenezi, kapena wolemba aliyense amangonena zakukhosi kwake?

Mkulu wa ku Katete

Mnzanuyo akudziwa ntchito yake, achimwene, koma watenga muyeso wa kwaya n'kupita nawo kumene sugwira. Mu kwaya timafuna kuti liwu lililonse limveke palokha, pamene mu black metal oimba ambiri amafuna dala kuti magitala, ng'oma ndi kukuwa kwa woimba zisakanikirane mpaka womvera asiye kusiyanitsa zida n'kungomva kuzizira kwa nyimbo yonse. Umboni wakuti zimenezi n'zadala ulipo. Gulu la Darkthrone la ku Norway linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1991, chojambulidwa mu situdiyo ya Sunlight ku Stockholm, ndipo aliyense wochimvera amavomereza kuti anyamatawo ankadziwa kuimba zovuta. Anthu omwewo mu 1994 anatulutsa Transilvanian Hunger, chimene anachijambula ndi kamakina ka matiraki anayi okha. Sanaiwale luso lawo, anachita kusankha. M'chaka chomwecho gulu la Emperor linatulutsa chimbale chojambulidwa mu situdiyo ya Grieghallen mumzinda wa Bergen ku Norway, chodzaza ndi kiyibodi, ndipo zimbale ziwirizi zimalemekezedwa mpaka lero ngakhale kuti n'zosiyana kutalitali.

Mlendo amene wafika koyamba ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba amangomva kuti ng'oma zikulira kwambiri, koma mwana wa pamudzi amadziwa msanga ngati wa mbalule wasiyana ndi mapazi a wovina. Kudziwa kumeneko si nkhani ya zokonda, ndi nkhani ya kuphunzira mwambo wa nyimboyo. Choncho funso limene wolemba ayenera kuyankha ndi lakuti, kodi oimbawa amafuna kuchita chiyani, ndipo kodi akwanitsa?

Mayi wa ku Lundazi

Akulu a ku Katete, mwanena zoona pa mbiri, koma funso lanu lomalizalo ndi limene aulesi amabisalamo. Gulu lililonse limene lalephera kujambula bwino lingathe kunena kuti linachita dala, ndipo wolemba ndemanga alibe njira yolowera mumtima mwa woimba wa ku Poland kapena ku Brazil amene sanatchule ngakhale dzina lake lenileni. Ine ndimakhulupirira zimene munthu wina angabwereze n'kutsimikiza yekha. Ngati woimba ng'oma akutsalira m'mbuyo pa blast beat, kaimbidwe ka ng'oma kothamanga kwambiri, tchulani nyimbo yake ndi mphindi yake. Ngati ng'omazo ndi za pa kompyuta, nthawi zambiri zimadziwika chifukwa kugunda kulikonse kumatuluka ndi mphamvu yofanana. Ngati kalizidwe ka gitala katengedwa kwa Bathory, gulu la ku Sweden limene chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1984, nenani poyera kuti katengedwa. Pa zimenezi wolemba angathe kulakwa kapena kulondola, ndipo wowerenga angamutsutse.

Palinso china chimene sitikonda kuvomereza. Ambiri a ife timamvera pa foni, nthawi zina m'minibasi, ndipo nyimboyo timakhala titaitsitsa yopanikizidwa pofuna kusunga bandulo. Pa sipika ya foni besi amasoweratu ndipo zitsulo za ng'oma zimangoti waa, moti chimbale chabwino ndi choipa zimamveka chimodzimodzi. Achimwene a ku Kapata, musananene kuti besi sakumveka, kodi munamvera pa mahedifoni abwino?

Kukondera kumene ndimakuopa kwambiri n'kotamanda gulu chifukwa choti silidziwika. Chimbale chikangotuluka pa makaseti ochepa, olemba amayamba kuchiona ngati chamtengo wapatali asanachimvere n'komwe, ndipo gulu lomwelo likatchuka amalitembenukira.

Mphunzitsi wa ku Petauke

Nonse mwalankhula za kamvekedwe, koma wowerenga wa kuno adzayamba wafunsa za uthenga. Dziko lathu la Zambia linalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu 1991, pa ulamuliro wa Frederick Chiluba, ndipo nyimbo zimenezi zili ndi mbiri imene sitingaikwirire. Tchalitchi chamatabwa cha Fantoft ku Bergen chinatenthedwa mu 1992. Mu 1993 Varg Vikernes, woimba black metal wa ku Norway, anapha woimba mnzake Euronymous wa gulu la Mayhem, ndipo chaka chotsatira analamulidwa kukhala m'ndende zaka 21. Mpaka pano alipo magulu ena olalikira tsankho la mtundu, amene amanyoza anthu akuda ngati ife. Wolemba amene akudziwa kuti gulu ndi lotero koma n'kungotamanda magitala, ponena kuti iye sakondera, wamubisira wowerenga chinthu chofunika asanatulutse ndalama zake. Kumbali inanso, sibwino kutcha gulu lililonse kuti ndi la Satana chifukwa cha utoto umene oimba amadzipaka kumaso, popeza ambiri amaimba za nkhalango, imfa ndi mbiri ya makolo awo, ndipo magulu ngati Antestor la ku Norway ndi Horde la ku Australia amaimba uthenga wachikhristu ndi kamvekedwe komweko. Zimene mawu a nyimbo akunena zingatsimikizidwe powerenga. Zakuti munthu apitirize kumvera kapena ayi, ameneyo ndi mlandu wa chikumbumtima chake.

Mkulu wa ku Katete

Mayi a ku Lundazi, pa za aulesi ndavomera, ngakhale kuti kutsalira pang'ono kwa ng'oma ine nthawi zina ndimakukonda chifukwa kumaonetsa kuti akuimba ndi munthu. Pamenepo ndi pamene mfundo imathera n'kuyamba zokonda, ndipo wolemba ayenera kuonetsa malirewo, osati kulemba "chimbale ichi n'chabwino" pamene akutanthauza kuti chamusangalatsa. N'chifukwa chake malikisi sindiwakhulupirira, pakuti 9 pa 10 amabisa mbali imene yachokera ku luso la oimba ndi imene yachokera kwa wolemba. Achimwene a ku Kapata, tiuzeni magulu amene mumawakonda kale ndi amene mumayerekeza nawo chimbalecho, kenaka mutitumizire kuti nafenso timvere besiyo.