Masiku atatu ku Bangkok: tidye chiyani, tione kuti?

NaPhiri_Area25

Moni nonse. Mwezi wamawa ine ndi mchemwali wanga tikupita ku Bangkok, likulu la Thailand, kukaoda zovala, tikagona ku Pratunam, dera la misika ya zovala. Tikamaliza kugula titsala ndi masiku atatu. Mchemwali wangayu sadya nkhumba, ine m'mimba simuchedwa kuvuta. Tikadye chiyani chotsika mtengo koma chosatidwalitsa? Nanga malo oyenera kuona ndi ati, tikafikako bwanji osaberedwa ndi a takisi?

Kamtedza

Mayi, yambani mwaloweza mawu asanu, akuthandizani kuposa chithunzi cha pa menyu: gai ndi nkhuku, moo ndi nkhumba, neua ndi ng'ombe, pla ndi nsomba, mai phet ndiye kuti musaike tsabola. Mukanena phet nit noi, kutanthauza pang'ono, dziwani kuti pang'ono wawo ndi wambiri kwa ife. Titsabola tawo ndi tating'ono koma ukali wake ngati kambuzi, ndipo amatisinja tosaphika.

Tsiku loyamba idyani khao man gai, ku Pratunam konko amagulitsa paliponse. Ndi nkhuku yowiritsa, mpunga wophikidwa ndi msuzi wa nkhukuyo, nkhaka pambali ndi kambale ka msuzi wotentha. Tsabola amabwera m'kambale kake, mumathira nokha. Mimba ikazolowera yesani pad kra pao gai, nkhuku yoduladula yokazinga pachiwaya ndi adyo, tsabola ndi masamba onunkhira onga mpungabwi. Nenani khai dao kuti aikepo dzira lokazinga. Mbale ya pamsewu imakhala pakati pa 50 ndi 80 baht, ndalama ya kumeneko.

Chakudya chomwe simuchiona chachilendo ndi gai yang, nkhuku yootcha pamakala, pamodzi ndi khao niao, mpunga womata wobwera m'kadengu. Umenewo amadya ndi manja: mumatema, kuumba kambamu, n'kusunsa. Pambali pake pamakhala som tam, papaya wosapsa wopalapala amene amasinja mu kamtondo ndi adyo, tomato, mandimu, shuga wa mgwalangwa ndi msuzi wa nsomba. Apa ndiye pochenjera. Itanitsani som tam thai, wa mtedza. Wa pu pla ra amaikamo nkhanu yamchere yosaphika ndi nsomba yosasitsa, ndipo ndi amene amagonetsa alendo ambiri m'chimbudzi.

Posankha pogula, musayang'ane kukongola kwa malo. Onani ngati eni dziko ali pamzere komanso ngati akuphika inu mukuona. Ndiwo zokhala m'mabeseni kuyambira m'mawa, kunja kukutentha madigiri 33, zisiyeni ikadutsa nkhomaliro. Tenganiko mapaketi angapo a Thanzi kuno, salemera.

Che_Mdala

A Kamtedza alongosola bwino, koma pa nkhani ya nkhumba ndionjezepo, chifukwa kunena gai kokha sikukwanira. Msuzi wa m'mbale zambiri za kuay teow, chakudya chonga supageti cha mu msuzi, amawiritsira mafupa a nkhumba ngakhale pamwamba aike nkhuku, ndipo chiwaya chokazingira ndi chimodzi chomwecho. Timbale tating'ono totchuka ta kuay teow togulitsidwa ku dera la Victory Monument msuzi wake amaulimbitsa ndi magazi. Ngati mchemwali wanu kusadyako n'kwa chipembedzo, afunefune chikwangwani cha halal kapena amayi ovala mpango kumutu. Kwa iwo mupeza khao mok gai, mpunga wachikasu wa nkhuku wonga biriyani. Ku Sukhumvit Soi 3, pafupi ndi siteshoni ya Nana, kuli malo odyera a Aluya ndi a anthu a ku Africa kuno ochuluka.

Zakumwa: madzi a pampopi ayi, botolo mu sitolo za 7-Eleven silifika 15 baht. Ayisi wooneka ngati kapaipi, wa bowo pakati, ndi wa ku fakitale, alibe vuto. Cha yen, tiyi wozizira wofiirira uja, amamuthira mkaka wa m'chitini wotsekemera kale kenako shuga pamwamba. Nenani waan noi kuti achepetse, apo ayi simumaliza kapu. Madzi a kokonati ongoboola pomwepo ndi abwino thukuta likakuthani. Mowa wawo ndi Singha, Chang ndi Leo, amamwera ayisi m'tambula, ndipo pa masiku akuluakulu a Chibuda monga Visakha Bucha masitolo sagulitsa.

Chipatso cha durian musalowe nacho m'hotela kapena m'sitima, n'choletsedwa kaamba ka fungo.

Wapamadzi

Ine ndiyankha za kuyenda. Bangkok msewu umadzaza moti takisi ikhoza kutha ola pa mtunda woyenda mphindi 20 wapansi. Gwiritsani ntchito sitima ndi maboti.

Tsiku loyamba dzukani m'mamawa. Kwerani BTS, sitima yoyenda m'mwamba, mpaka Saphan Taksin, tsikirani pa doko la Sathorn, mukwere boti la mbendera ya olenji, losafika 20 baht. La mbendera ya buluu ndi la alendo, lokwera mtengo, koma mtsinje wa Chao Phraya ndi womwewo. Tsikani pa Tha Chang, Grand Palace, nyumba yaikulu yachifumu, ili pomwepo. Inayamba kumangidwa mu 1782 pamene Mfumu Rama I inakhazikitsa likulu tsidya lino la mtsinje. Kulowa ndi 500 baht, amatsegula 8:30 ndipo matikiti amasiya kugulitsa 3:30 masana. Fikani potsegula penipeni, ikamakwana 10 koloko ndi chinamtindi cha anthu padzuwa. M'kati muli kachisi wa Wat Phra Kaew (wat ndi kachisi), momwe muli chifanizo cha Buddha cha mwala wobiriwira. Ambiri amadabwa kuchepa kwake, ndi masentimita 66 okha, chili pamwamba patali, ndipo kujambula m'katimo saloleza.

Zovala amakhwimitsa: maondo ndi mapewa zibisike. Chitenje chofika m'mapazi chikuthandizani, koma kufunda mpango pamwamba pa bulauzi yopanda manja amabweza. Valani ya manja. Nsapato zikhale zosavuta kuvula. Mukakhala pansi m'kachisi pindani miyendo, mapazi asaloze chifanizo, ndipo munthu wamayi sakhudza mmonke, wansembe wa Chibuda, kapena kumupatsira chinthu m'manja.

Kunja kwa mpanda mukumana ndi bambo wovala bwino, waulemu, wonena kuti lero kwatsekedwa, pali mwambo, bwerani tuk-tuk, kagalimoto ka matayala atatu, ikuzungulitseni pa 20 baht. Bodza limenelo. Akakutulani ku sitolo ya miyala ya mtengo wapatali kapena kwa telala komwe iye amalandira yake. Pitirirani mpaka pachipata mukadzionere nokha.

Kuchoka apo yendani wapansi mphindi 10 kufika ku Wat Pho, kuli Buddha wogona wotalika mamita 46. M'mbali mwake mwandandalikidwa mbale zachitsulo 108 zomwe anthu amaponyamo makobidi, phokoso lake limamveka nyumba yonse. Mukatero olokani pa Tha Tien ndi kaboti ka makobidi ochepa kupita ku Wat Arun. Muyandikire khoma: maluwa onse aja ndi zidutswa za mbale zadothi za ku China zomatidwa chimodzichimodzi.

Tsiku lachiwiri, boti la mu ngalande ya Saen Saep limaima pa Pratunam pomwepo. Kwerani lolowera ku Phanfa Leelard, mukwere masitepe 344 a Wat Saket, muone mzinda wonse. Madzi a mu ngalandeyo ndi akuda, kokani chinsalu cha m'mbali asakuthovukireni kumaso. Madzulo kwerani MRT, sitima ya pansi pa nthaka, mpaka siteshoni ya Wat Mangkon, mukadye ku Yaowarat, dera la anthu a ku China, bola lisakhale Lolemba, tsiku lomwe ogulitsa ambiri a m'misewu sayala. Kumeneko nkhumba ili ponseponse, mchemwali wanu akakamire nsomba yootcha.

Tsiku lachitatu likagwera Loweruka kapena Lamulungu, pitani ku msika wa Chatuchak, siteshoni ya Mo Chit kapena Kamphaeng Phet.

Kamtedza

Chatuchak kwa anthu amene atha sabata akuoda ku Pratunam? Ine ndingati ayi, mitengo yake ndi ya chimodzichimodzi ndipo miyendo ikhala itatopa kale. Tsikirani pa Kamphaeng Phet pomwepo koma mulowe Or Tor Kor, msika wa zipatso, mukhale pansi mudye mango ndi mpunga womata wothira mkaka wa kokonati.

Ndalama: kwacha sasintha kumeneko. Tengani madola osang'ambika, osalembedwa, a 100 ndi a 50 ndi amene amagulidwa bwino, ndipo posintha amafuna pasipoti. Makina a ATM amadula ndalama yoposa 200 baht nthawi iliyonse mukatapa ndi khadi yakunja, ndiye tapani kamodzi zochuluka. Takisi ikakana kuyatsa mita, tsikani muimitse ina, mita imayambira pa 35 baht.

NaPhiri_Area25

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse m'kope. A Che_Mdala, mchemwali wanga akufunsa ngati khao mok gai uja amapezeka m'mawa kapena tidikire nkhomaliro.