Vin jaune wa ku Jura: 2017 kapena 2018?

Akuluakulu odziwa za vinyo, thandizeni pa vin jaune (vinyo wachikasu) wa ku Jura, kum'mawa kwa France. Vinyoyu amapangidwa ndi mphesa za Savagnin zokha, ndipo amakhala mu mbiya yathabwa osathiramo wina wowonjezera, moti pamwamba pamachita kansalu ka yisiti kom'teteza kuti asasanduke viniga. Sagulitsidwa mpaka patatha zaka 6 ndi miyezi 3 chikololereni mphesa, m'botolo la 62 cl lotchedwa clavelin.

Funso langa lagona pa zaka ziwiri. Mu Epulo 2017 chisanu chidaononga mphukira, zokolola nkuchepa kwambiri, pomwe 2018 kudatentha ndipo mphesa zidabereka zochuluka. Kodi kutenthako sikudachepetse kuwawasa? Pajatu vinyoyu akasowa kuwawasa sakhalitsa, amangolemera mkamwa. Woyenera kusunga zaka 20 m'malo a madigiri 12, ndi uti mwa awiriwa?

Chinanso, fungo la mtedza ndi la curry ndi lachibadwa chake. Nanga fungo la viniga likamamveka pang'ono, mumadziwa bwanji kuti kansalu kaja kadang'ambika vinyo nkuonongeka? Ku Château-Chalon, mudzi wa ku Jura wotchuka ndi vinyoyu, alimi adakana kutulutsa vinyo wa dzina lawo mu 1984 ndi 2001. Kodi a ku Arbois, dera lina la ku Jura komweko, wawo wa zaka zimenezi adakoma?