Fayilo ya .env mukumaisunga bwanji mukakhala angapo pa pulojekiti imodzi?

Moni nonse m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa Laravel (chida cha PHP chopangira mawebusayiti), makamaka amene ntchito zanu zimakhala pa cPanel (pulogalamu yoyendetsera webusayiti pa seva).

Tilipo atatu, ndipo tinalandira sisitimu ya kasitomala wogulitsa katundu amene amalandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Amene anaiyamba anachoka kale. Ili pa Laravel 10. Mu fayilo ya .env, yosungira zinsinsi za sisitimu, muli zonse: DB_PASSWORD (pasiwedi ya database), APP_KEY (kiyi imene Laravel imabisira zinthu), makiyi otumizira ma SMS, makiyi olandirira ndalama komanso pasiwedi ya imelo. Timagawana pa WhatsApp. Wina akasintha kanthu amangoponya fayilo yonse pagulu lathu, moti pano aliyense ali ndi yakeyake yosiyana pang'ono ndi ya mnzake, ndipo kuti udziwe yolondola umachita kukatsegula ya pa seva.

Chandidzutsa n'chakuti mwezi wamawa mnzathu mmodzi akupita kukayamba ntchito kwina. Tikusiyana bwino, palibe mkangano. Koma mufoni mwake muli makiyi onse a ndalama za munthu wina, ndipo mafoni amabedwa mu minibasi tsiku ndi tsiku. Chinanso, poyang'ana git log (mbiri ya zosintha zonse za code mu Git) ndapeza kuti .env inalowapo mu ma commit akale isanaikidwe mu .gitignore (mndandanda wa mafayilo amene Git sayenera kusunga). Repo, komwe timasungira code, ndi ya private, komabe mtima sukukhazikika.

Ndinawerenga Twelve-Factor App, malangizo a kapangidwe ka mapulogalamu amene analemba Adam Wiggins wa ku Heroku mu 2011. Imanena kuti config, monga makiyi ndi mapasiwedi, isamakhale mu code, ndipo njira yodziyesera ndi yoti udzifunse ngati ungatsegule code yako kwa anthu onse lero popanda chinsinsi chilichonse kutuluka. Ifeyo mayeso amenewo talephera kutalitali. Ndinaonanso AWS Secrets Manager, yosungira zinsinsi ya Amazon, masenti 40 a dola pa chinsinsi chimodzi pamwezi. Ndalamayo si yambiri, koma nkhani ya forex mukuidziwa, kulipira kunja mwezi ndi mwezi ndi khadi yathu ino si chinthu chodalira.

Ndiye ndiyambire pati? Ndisinthe makiyi onse kapena kufufuta mu history n'kokwanira? APP_KEY ndiye ndikuiopa kwambiri, kuti ndikaisintha anthu onse alephera kulowa. Nanga inu mukakhala angapo mumapatsana bwanji zinsinsizi popanda kulipira madola?

Woyankha woyamba:
Achimwene, yambani ndi kusintha makiyi, za history zibwere pambuyo. git rm --cached imangoletsa Git kuilondola fayiloyo kuyambira lero, ma commit akale amakhala nayobe. Mutha kuyeretsa ndi git filter-repo kapena BFG Repo-Cleaner, koma aliyense amene anachitapo clone ali nayo pa laputopu yake, kuphatikizapo uja anachoka kale. Kiyi ikatuluka kamodzi basi, iwerengeni kuti yatha ntchito.

Zoti repo ndi ya private zisakutonthozeni. Mu 2016 akuba analowa mu repo ya private ya Uber pa GitHub, napezamo makiyi a AWS, n'kutenga zambiri za anthu okwana 57 miliyoni.

Yambani ndi makiyi a ndalama, kenako database, kenako SMS chifukwa munthu akaipeza imeneyo amatha kukuthererani mayunitsi usiku umodzi. Za APP_KEY musaope kwambiri. Mapasiwedi a anthu Laravel imawasunga ndi bcrypt, sadalira APP_KEY. Zimene zingachitike n'zoti amene analowa kale atulutsidwa, alowanso. Choopsa chenicheni ndi ngati muli ndi ma column obisidwa ndi Crypt kapena encrypted cast, amenewo sangawerengekenso ndi kiyi yatsopano. Laravel 11 inabweretsa APP_PREVIOUS_KEYS pofuna kuthetsa vuto lomweli. Pa 10 mufunika kulemba ka script kotsegula ndi kiyi yakale n'kutsekanso ndi yatsopano, ndipo backup itsogole.

Woyankha wachiwiri:
Poti mwatchula cPanel, musanachite china chilichonse tsegulani browser, lembani adiresi ya webusayitiyo, kumapeto muike /.env muone chimene chituluke. Ambiri amakhuthulira pulojekiti yonse mu public_html, pamene chikwatu cha public chokha ndi chimene chiyenera kuoneka kunja. Muonenso kuti APP_DEBUG ili false.

Woyankha wachitatu:
Ine funso langa ndi lina. N'chifukwa chiyani nonse atatu muli ndi makiyi a production, a sisitimu yeniyeni imene anthu akugwiritsa ntchito? Wolemba code pa laputopu akufunika makiyi a sandbox (oyeserera) ndi database yapakompyuta pake basi. Makiyi enieni akhale pa seva, owadziwa akhale mmodzi kapena awiri, ndipo kasitomala naye akhale nawo chifukwa ndi ake. Mukatero munthu akamachoka simuthamanga chonchi.

Kwathu timachita chonchi. Mu repo muli .env.example yokhala ndi mayina onse koma opanda zinsinsi, ndipo woonjezera dzina latsopano amaliika m'menemo pa commit yomweyo. Ya production timaitseka ndi php artisan env:encrypt, yomwe ilipo kuyambira Laravel 9, ndiye pa 10 muli nayo kale. Fayilo yotsekedwayo imalowa mu Git bwinobwino, kiyi yotsegulira yokha ndi imene timaisunga mu Bitwarden, pulogalamu yosungira mapasiwedi. Sitilipira kalikonse.

Chenjezo limodzi, chifukwa ili limagwetsa ambiri. Mukayendetsa php artisan config:cache, Laravel imasiya kuwerenga .env, ndipo env() iliyonse yoitanidwa kunja kwa chikwatu cha config imabweza null. Fufuzani mu ma controller, ngati muli env() musamutsire ku config/services.php. Komanso mukasintha kiyi pa seva muyendetsenso config:cache, apo ayi sisitimu ipitiriza kugwiritsa ntchito yakale inu mukudabwa kuti malipiro akukanikiranji.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso. Ndayesa /.env ija, ikubweza 404, ndiye kumeneko tili bwino. Ma column obisidwa ndapeza awiri, onse a manambala a foni a makasitomala, ndiye APP_KEY ndiisiya kaye mpaka script ithe.

Koma ndapeza china. Kiyi ya SMS inalembedwa kuti VITE_SMS_KEY. Imeneyi ili bwino?

Woyankha woyamba:
Ayi ndithu, imeneyo sinthani lero lomwe. Chilichonse choyamba ndi VITE_ chikagwiritsidwa ntchito mu JavaScript, Vite, chida chosonkhanitsa JavaScript, amachilowetsa mu mafayilo amene amapita ku browser ya munthu aliyense. Tsegulani public/build mufufuze kiyiyo, mukaipeza ndiye kuti aliyense wodziwa kudina F12 akhoza kuiona. SMS izichokera ku seva, browser izingopempha.

Mwini funso:
Ndaipeza, ili m'menemo yonse. Ndamuimbira kale kasitomala kuti tipemphe ina usiku uno. Funso lotsala ndi la makiyi a ndalama. Amene munasinthapo sisitimu ili pa ntchito, munachita bwanji kuti malipiro amene ali pakati asasokonekere? Shopu imeneyi anthu amagula mpaka cha m'ma 10 koloko usiku.