Kamphaka kamasiye sikakuchita chimbudzi, ndithandizeni abale

Mwini funso, Chitakale

Moni nonse. Ndikudziwa kuti ena museka, koma ndithandizeni kaye, kuseka kubwere pambuyo.

Mphaka wathu wamkazi, amene wakhala akutitetezera chimanga ku makoswe kwa zaka 4, anaswa ana atatu m'katoni kuseri kwa matumba. Lachitatu lapitali anagundidwa ndi njinga yamoto pamsewu wopita kuboma, anafera pomwepo. Ife tinadziwa mochedwa. Pomwe timakatsegula katoni ija, ana awiri anali atauma kale ndi chisanu. Mukudziwa chiperoni cha mwezi wa June kuno ku Mulanje, phiri osaoneka masiku atatu. Katsala kamodzi, kakuda, kokhala ndi banga loyera pakhosi. Mdzukulu wanga akukatchula kuti Masiye.

Masiku awiri oyamba ndinkakamwetsa mkaka wa ng'ombe wa m'paketi, wofunditsa, ndi supuni ya tiyi. Kanatsegula m'mimba koopsa, mchira wonse chikasu chokhachokha. Mwana wanga wa ku Blantyre atamva anandikalipira pafoni, ndipo Lachisanu anatumiza pa minibasi chitini cha mkaka waufa wa ana amphaka ndi kabotolo kake. Pachitinipo analemba kuti muyezo umodzi wa ufa, miyezo iwiri ya madzi. Ine poona kuti n'kowonda komanso kakutsegula, ndinaganiza zowonjezera ufa kuti mkaka ukhale wolemererako ngati phala la mwana. Kutsegula kunalekadi. Koma kuyambira Lamlungu m'mawa sikanachitenso chimbudzi, ndipo pano ndi Lolemba madzulo.

Mimba yatupa, ukaigwira ili gwa ngati peyala losapsa. Kakuyamwabe koma pang'ono, kenako kamalira n'kumatchima, osatuluka kanthu. Maso anatseguka kale, mano sanamere, poyenda kamangokwawa n'kumagwa. Ndakaika pa sikelo yomwe ndimayezera ufa wa mandasi, kakulemera magalamu 230.

Neba wandiuza kuti ndikamwetse mafuta ophikira. Wina akuti ndikalowetse kachidutswa ka sopo kumbuyo monga ankachitira ndi ana kale. Manja anga akukana. Ndichite chiyani?

Bambo wa ku Luchenza

Koma dziko lino eti. Anthu akumwa tiyi wopanda shuga, ena akugulira mphaka mkaka wa m'chitini.

Mwini funso

Bambo, thumba la chimanga mwalifunsa mtengo sabata ino? Mayi ake a kamphakaka ndi amene ankachititsa kuti matumba anga afike February opanda chiboo. Ngongole ndili nayo kwa iwo.

Mnyamata wa kabaza, Nkando

Amayi pepani m'malo mwa mnzathu amene anagundayo. Nzeru za amphaka ndilibe, koma mukafuna kupita nako kwa a ziweto mawa ndikunyamulani, mafuta ndi anga.

Mlangizi wa ziweto, Thyolo

Amayi, musakamwetse mafuta, ndipo sopoyo musayese n'komwe. Ndifunse kaye chinthu chimodzi. Mukatha kukayamwitsa, mumakapukuta pansi pa mchira?

Mwini funso

Ndimakapukuta pakamwa basi. Kumbuyoko ndinkapukuta masiku aja kankatsegula, chifukwa cha uve. Kataleka nanenso ndinaleka.

Mlangizi wa ziweto, Thyolo

Vuto lalikulu lagona pamenepo. Mwana wa mphaka sangathe kukodza kapena kuchita chimbudzi bwinobwino payekha mpaka atakwanitsa masabata 3 kapena 4. Mumaona mphaka akunyambita ana ake kumimba ndi pansi pa mchira, ambiri amayesa kuti akungowasambitsa. Lilime lija ndi limene limadzutsa matumbo ndi chikhodzodzo. Mayi akafa, ntchito imeneyo imagwera amene wanyamula botolo. Kanu, poona maso otseguka, mano osamera ndi magalamu 230, kali ndi masabata awiri ndi masiku pang'ono. Masiku aja kankatsegula, zinkatuluka zokha ndiponso munkakathandiza osadziwa.

Chitani izi usiku uno. Tengani thonje kapena kansalu kofewa, ka malaya akale a mwana kali bwino, mukanyike m'madzi ofunda oti mukadontheza pamkono panu sakuwotcha. Kagwireni ndi dzanja limodzi, mimba ili pansi, dzanja linalo muzisisita pansi pa mchira mozungulira, mofatsa, ngati lilime. Mkodzo umabwera msanga. Chimbudzi chimachedwa, ndiye musasiye pamene mwangoona mkodzo, pitirizani mphindi imodzi kapena ziwiri. Mukamva kakulimbitsa mimba n'kukankha, musachotse dzanja, ndiyo nthawi yake. Muthanso kusisita mimba ndi chala chimodzi, osakanikiza. Pakafiira lekani, mudzayesenso nthawi yoyamwitsa ikakwana. Muzichita zimenezi nthawi iliyonse kakayamwa.

Chachiwiri ndi mkaka wanuwo. Mwaulemeretsa, ndiye thupi likusowa madzi ndipo chimbudzi chaumira m'matumbo. Bwererani ku muyezo wa pachitini, ndipo maulendo awiri kapena atatu otsatirawa muwonjezere madzi pang'ono, mwachitsanzo miyezo itatu ya madzi pa umodzi wa ufa. Madziwo akhale owiritsa n'kuwasiya kuti afunde. Musapitirize kusukuluza masiku ambiri, kayamba kuonda. Mkodzo ukatuluka muuyang'ane pathonjepo. Ukakhala wotuwa, pafupifupi ngati madzi, zili bwino. Ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi.

Mwana woyamwa botolo amatha kukhala tsiku limodzi, ngakhale limodzi ndi theka, osachita chimbudzi, koma akadutsa maola 48 pamafunika munthu wa ziweto amugwire ndi manja. Inu maola amenewo akukwana mawa m'mawa. Koma kakakana kuyamwa, kakasanza, kakafooka n'kukhala lobodo, kapena mimba ikapitirira kutupa, musadikire kuti maolawo akwane.

Mayi wa ku Limbuli

Ine wanga ndinamudontheza mafuta ophikira pakamwa ndipo m'mawa mwake anachita. Pano ndi chimphaka chachikulu, chikugwira ndi abuluzi omwe. Nthawi zina ophunziranu mumaopseza.

Mlangizi wa ziweto, Thyolo

Sindikukutsutsani amayi, wanuyo anapulumuka. Vuto la mafuta n'lakuti mwana wamng'ono chonchi samameza bwino, ndipo mafuta akalowera njira ya mpweya sakhosomoleka ngati madzi. Amakakhala m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Kudzimbidwa timatha kukonza, chibayo pa kamwana ka magalamu 230 nthawi zambiri timalephera. Mafuta a nsatsi ndiye oipitsitsa.

Namwino wopuma pantchito, Makwasa

Ine za ziweto si zanga, koma sopo ndiyankhe. Ngakhale kwa ana a anthu tinasiya kulangiza zimenezo, sopo amawotcha m'kati. Nanga kamphaka kakang'ono chonchi? Mankhwala opopera kumbuyo amene amagulitsa ku famase a anthu akudzimbidwa musakapatse, ena mwa iwo amapha amphaka. Ndipo chonde abale, Panado ndi poizoni kwa mphaka, ngakhale kachidutswa. Ndikunena chifukwa kwathu kuno chilichonse chikalira timathamangira Panado.

Ndiwonjeze za kuyamwitsa. Musakagoneke chagada ngati khanda la munthu, katsamwa. Kagone chafufumimba monga kamachitira pa bere la mayi ake, mutu utadzuka pang'ono, ndipo botolo musalifinye.

Mwini funso

Kalanga ine, ndimakafukata chagada ngati mdzukulu. Lero m'mawa mkaka unatulukira m'mphuno, ndinangoyesa kuti kakhuta.

Namwino wopuma pantchito, Makwasa

Kumeneko n'kutsamwa, achemwali. Onaninso chiboo cha nsonga ya botolo. Mukalizondotsa mkaka uzidontha dontho limodzilimodzi, usamachite kuyenderera. Muzimvetsera kapumidwe kake usiku uno, kakamapuma mothamanga kapena mokhala ngati muli madzi pachifuwa, mukanene zimenezo mawa.

Mlimi wa ng'ombe za mkaka, Bvumbwe

Ine mkaka ndi umene umandidyetsa, m'mawa uliwonse ndimapita nawo kugulu pa njinga, koma ndivomereze kuti wa ng'ombe si wa ana amphaka. Shuga wake wachibadwa ndi wochuluka, n'chifukwa chake kanatsegula, pomwe zomanga thupi ndi mafuta n'zochepa poyerekeza ndi wa mphaka. Chitini chikatha china chisanafike, wa mbuzi wowiritsa wosakaniza ndi chikasu cha dzira ungagwirizire tsiku limodzi kapena awiri, koma si wolerera. Wa makanda a anthu nawonso sukwanira. Ufa woyeretsa tiyi uja si mkaka n'komwe.

Funso langa ndi lakuti kakugona pati? Ngakhale thole likazizidwa silimwa bwino.

Mwini funso

M'katoni momwe muja, ndinayalamo chitenje. Usiku ndimaika katoniyo pafupi ndi mbaula, magetsi akhala akuzimazima.

Mlangizi wa ziweto, Thyolo

Abambo a ku Bvumbwe afunsa bwino. Pamsinkhu umenewu thupi lake silitha kudzitenthetsa lokha, ndipo mwana wozizidwa matumbo ake amachita ulesi, mkaka umangokhala m'mimba. Musanakayamwitse gwirani timapazi ndi m'makutu, kapena ikani chala m'kamwa. Mukamva kuzizira, kaikeni kaye pachifuwa panu m'kati mwa juzi mpaka katenthedwe, kenako mkaka. Kozizira sikayamwitsidwa.

Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ndi yoopsa kwa kamphakako ndi kwa inu nomwe, mpweya wake supanga fungo koma umapha. Thirani madzi otentha m'botolo la Sobo, mutseke zolimba, mulikulunge m'thaulo n'kuliika mbali imodzi ya katoni. Mbali inayo musiye popanda, kuti kakatenthedwa kazitha kukwawira kumeneko. Madziwo muzisintha akazirala.

Kuyamwitsa kukhale maola 3 aliwonse, usiku womwe. Mimba yake imalandira mamililita pafupifupi 4 pa magalamu 100 aliwonse, ndiye kanu musapyole 9 paulendo umodzi, sikukwana n'komwe masupuni awiri a tiyi. Sikelo ya mandasi ija ndi chida chachikulu, muzikayeza m'mawa uliwonse nthawi yofanana. Kakamakula bwino kaziwonjeza magalamu 10 mpaka 15 patsiku.

Mtsikana wa ku Muloza

Anthu akumudzi kwathu akanati mphaka wakuda amene mayi ake afera pamsewu musamusunge. Ine sindikhulupirira, ndangonena.

Mwini funso

Apongozi anga ananena kale zimenezo Lachinayi. Dzulo ndawapeza atakafukata m'chitenje chawo akuwothera nako dzuwa.

Mwini funso, 10 koloko usiku

Ndachita monga mwanenera. Nditangosisita pang'ono kakodza kwambiri, mpaka thonje lachitatu, mkodzo wachikasu ngati tiyi wopanda mkaka. Chifundo chandigwira, kaya kanausunga nthawi yayitali bwanji. Chimbudzi ayi. Kanayamba kukankha, ine mantha n'kuchotsa dzanja. Kamwa mkaka wosukuluza uja mamililita 7, chafufumimba, sikanatsamwe. Botolo la madzi otentha kalikumbatira.

Mlangizi wa ziweto, Thyolo

Ulendo wotsatira musachotse dzanja. Mukhozanso kuviika kumbuyo kwake kokha m'kambale ka madzi ofunda uku mukusisita, madzi ofunda amamasula. Mukatha mukaumitse ndi thaulo mpaka ubweya uume, kasagone konyowa.

Mwini funso, Lachiwiri m'mawa

Abale, zatuluka! Cha m'ma 4 koloko mbandakucha, ine ndi tochi ya foni pakamwa, kambale ka madzi ofunda pampando. Poyamba kanatulutsa kanthu kouma kakuda ngati njere ya papaya, kakulira ngati kakuphedwa. Kenako kachiwiri. Pambuyo pake panabwera chofewa chabulauni, chachitali kuposa chala changa chaching'ono. Sindinaganizepo kuti pamsinkhu wanga uno ndingadzutse nyumba yonse chifukwa cha chimbudzi cha mphaka. Abambo akunyumba anangoti "mwamaliza?" n'kufundanso bulangete.

Mimba yafewa, koma ikuonekabe yaikulu kuposa thupi. Pa sikelo 234.

Mlangizi wa ziweto, Thyolo

Mwagwira ntchito amayi. Bwererani tsopano ku muyezo wa pachitini, osawonjeza osachotsa. Chimbudzi chabwino cha mwana wa botolo chimakhala chofewa ngati mankhwala otsukira mano.

Mimba yaikuluyo ikhoza kukhala njoka za m'mimba. Ana amphaka ambiri amazitengera mu mkaka wa mayi awo, ndipo nazonso zimasokoneza matumbo. Mankhwala ake alipo oyambira pa masabata awiri, koma amayezedwa molingana ndi kulemera, ndiye musagule a mbuzi kapena a nkhuku pamsika n'kumayerekeza. Pitani nako ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu mukafunse wa ziweto, mutatenga pepala lomwe mukulembapo magalamu. Akamvetserenso pachifuwa chifukwa cha kutsamwa kuja. Yang'ananinso utitiri m'khosi ndi kumimba. Umayamwa magazi mpaka nkhama kuyera, ndipo pamsinkhu uwu timachotsa ndi chipeso ndi zala, osati mankhwala opopera kapena a dibi.

Kakakwanitsa miyezi 3 kadzabayitseni katemera wa chiwewe. Anthu amayesa kuti ndi wa agalu okha, koma amphaka nawonso amadwala n'kupatsira anthu, makamaka ana amene amasewera nawo ngati mdzukulu wanuyo.

Bambo wa ku Luchenza

Chabwino ndagonja. Kakadzaswa mundisungireko kamodzi, makoswe andithera nandolo.

Mwini funso

Mudzadikire bambo, sitikudziwa n'komwe ngati n'kakakazi. Achimwene a kabaza, lonjezo lija likadalipo? Ndikhala pa siteji ya Chitakale 9 koloko, mudzandizindikira ndi katoni ya sopo yobowolabowola. Alangizi, pa njingapo botolo la madzi otentha ndiliike m'katoni momwemo, kapena ndingokabisa m'juzi?