Mizere ngati mano a chipeso pa sewero lakale la ku Britain

Mkonzi wa ku Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni. Aphunzitsi ena a zisudzo andipatsa DVD ya Thriller, masewero a pa TV a ku Britain omwe anawayambitsa Brian Clemens, kuti ndiwadulire zigawo zoonetsa ophunzira. Akufuna "The Colour of Blood" ya 1973, ya chigawenga chopha akazi chomwe chinathawa galimoto yopita nacho kundende itachita ngozi. Koma munthu akangosuntha ali m'nyumba, m'mbali mwa nkhope mukutuluka mizere ngati mano a chipeso. Zojambulidwa panja zili bwinobwino. DVD yafa kapena?

Wakale pa makamera: DVD ilibe mlandu achimwene. ATV, kampani ya TV yomwe inkapanga masewerowa, inkajambula za m'nyumba mu situdiyo ku Elstree, pa tepi ya vidiyo, koma zapanja pa filimu ya 16mm. Filimu imatola zithunzi zathunthu 25 pa sekondi. Kamera ya vidiyo ya nthawiyo imatola matheka 50, theka lililonse lili ndi mizere yolumphalumpha, ndipo lachiwiri limabwera munthu atasuntha kale pang'ono. TV zachimbuyo zija zimaonetsa matheka motsatizana, diso osazindikira kanthu. Kompyuta imawaphatikiza pamodzi, ndiye chipeso chanucho. Chitani deinterlace, ndiko kukonza matheka aja pa kompyuta kuti akhale zithunzi zathunthu.

Mkonzi wa ku Zomba: Ndinachita bambo. Mizere inangosanduka timafunde tonenepa, zanyanya.

Mayi wa zomveka: Munayamba ndi chiyani, kukulitsa chithunzi kapena deinterlace?

Mkonzi wa ku Zomba: Aa, ndinayamba ndakweza ku mizere 1080, poti akaonetsa pa pulojekita.

Mayi wa zomveka: Mpomwe munaphera ntchito pamenepo. Mukakulitsa, mizere ya matheka awiri aja imasakanikirana, pulogalamu singathenso kuilekanitsa. Bwererani ku fayilo ya pa DVD, ya mizere 576. Muidutsitse mu pulogalamu ya HandBrake, pa deinterlace sankhani Bwdif pa Bob, mutulutse mafulemu (zithunzi zathunthu) 50 pa sekondi. Kukulitsa kubwere pamapeto.

Wakale pa makamera: Za 50 zo amayi anena zoona. Mukatsitsa ku 25, kamera ikamayenda pang'onopang'ono kutsata chigawengacho iziyenda modukiza, mantha onse n'kuthera pomwepo. Chithunzi musiyenso pa mulingo wake wakale wa 4:3, m'mbali mukhale mwakuda. Ndatopa nawo azungu a m'ma 1970 otambasulidwa ngati maungu.

Mkonzi wa ku Zomba: Zatheka! Chipeso chachoka. Kungoti fayilo yakula, mu fulashi ya aphunzitsi sikulowa.

Mayi wa zomveka: Akagule ina, musachepetse mafulemu.