Mpeni wochindikala wonga beneti ukukana kuthwa, ndiunole bwanji?

Mlovi_Makawa

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mpeni uja wa maonekedwe a beneti ya asilikali, wogula pamsika wa pa boma. Chitsulo chake n'chotalika masentimita 18, m'lifupi masentimita 3 ndi theka, msana wochindikala mamilimita 6, ndipo m'mbali muli kangalande. Ndikufuna ndizidulira zingwe za nayiloni m'bwato ndi kung'ambira kampango wokawamba. Ndaukwecha pamwala wa mbali ziwiri masiku atatu, ukungonyezimira basi, chingwe sukudula. Vuto ndi mwala, chitsulo kapena dzanja langa? Ena akuti ndingopita nawo kwa owotcherera akaudyetse gilayinda.

Mmisiri_Mpondasi

Achimwene, mwala wanuwo ulibe mlandu. Beneti anaipanga kuti izibaya ndi kupirira, osati kucheka, ndiye mipeni yotengera kapangidwe kake imabwera ndi chitsulo chambiri kuseri kwa kukamwa, pena mpaka mamilimita 2. Mukamakwecha mukungopala kamtunda kamene kali pamwamba pa kukamwako, mwala sukufika n'komwe pamene pamadula. Kuti mutsimikize, pakani inki ya maka mzere wonse wa kukamwa, mukweche kasanu, muone. Mupeza inki yachoka m'mwamba, yatsala kunsi kwenikweni.

Tsono ntchito yoyamba ndi kuchepetsa chitsulo chimenecho, kunola kubwera pambuyo. Pezani tupa lafulati la mainchesi 10, lamano apakatikati, lokhala ndi chigwiriro. Liyeseni kaye pamsana wa mpeni. Likaluma n'kugwetsa tizitsulo, zili bwino, ndipo mipeni yambiri ya mtunduwu imalumika ndithu chifukwa chitsulo chake sachiumitsa kwambiri, kuopa kuti chingathyoke. Likangoterera ngati pagalasi lisiyeni, mungaliphe mano pachabe. Pamenepo ntchito yonse igwiridwe ndi mbali yokhakhala ya mwala, kungoti idya nthawi.

Gonekani mpeni pathabwa, kukamwa kutatulukira pang'ono kunja, muupane ndi kalampu kapena muumange zolimba ndi mphira ya chubu. Lembani mzere mamilimita 6 kuchokera kukamwa, mbali zonse ziwiri. Imani kumbali ya msana, muzikankha tupa kuchokera kumsana kutulukira kukamwa, mopingasa pang'ono, kuti zala zanu zisakumane ndi kokuthwako. Tupa limadya popita pokha, pobwerera linyamuleni. Likatsekeka mano lipukuteni ndi burashi ya waya n'kulipaka choko, apo ayi tizitsulo tomatirira m'manomo tikanda mpeni mizere yakuya imene idzakuvuteni kuchotsa. Muziwerenga: 20 mbali iyi, 20 mbali inayo. Mukapanda kuwerenga kukamwa kumapendekera kumodzi, mpeni n'kumapatuka podula. Lekezani pamene chitsulo chafika pamzere uja ndipo kukamwa kwatsala ngati theka la milimita, kuchepera pang'ono khadi la ku banki. Osafika pakuthwa ndi tupa.

Apa ndiye mubwerere kumwala, mbali yokhakhala. Mpeni upendeke madigiri 22 kapena kuposerapo pang'ono mbali iliyonse. Tengani ngodya ya pepala, muipinde pakati, muipindenso kachiwiri: 90 yasanduka 45, kenako 22 ndi theka. Kapepala kameneko kayikeni pamwala kakhale muyeso wanu. Pa mpeni wa kukula ngati wanuwu, mpata wa pakati pa mwala ndi kunsi kwa msana umakhala pafupifupi sentimita 1. Nolani mbali imodzi osatembenuza mpaka mbali inayo itatuluka kamlomo, kachitsulo kopindika kamene kamakola chala mukachiyendetsa kuchokera kumsana kutsikira kukamwa. Kamveke kuyambira pachigwiriro mpaka kunsonga. Pamene kasoweka ndiye kuti mwala sunafikepo, musadzinamize. Tembenuzani, muchite chimodzimodzi, kenako mupite ku mbali yosalala mutapepuza dzanja.

Che_Fundi_MonkeyBay

Zimene anena akuluwa n'zoona, ine ndingoikapo mawu pa nkhani ya gilayinda. Gilayinda yam'manja ya disiki ya mamilimita 115 imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi. Msana wa mpeni ndi wochindikala, umamwa kutenthako, koma kukamwa ndi kunsonga n'kopyapyala, kumapsa m'kuphethira kwa diso. Chitsulo chikayamba mtundu wa udzu wouma ndiye chafika cha m'ma 230 digiri, chikabiriwira ngati buluu chili cha m'ma 300, ndipo malo amenewo afewa basi. Muzinola m'mawa, masana wabuntha, mpaka mutadya chitsulo chonse chopsacho. Ngati mphamvu ya tupa mulibe, pitani kwa amene ali ndi gilayinda yapabenchi, chidebe cha madzi chili pambali. Akhudzitse masekondi awiri, aviike, akhudzitsenso. Agwire ndi manja opanda magolovesi kuti azimva kutentha, ndipo sentimita yomaliza ya kunsonga aisiyire mwala.

Koma musanayambe chilichonse, uyang'aneni mpeniwo kuchokera kunsonga, ngati mukuyesa thabwa kuwongoka. Beneti ya mfuti ya AKM, ndi mipeni ina yokopera iyo, imakhala yosemedwa mbali imodzi yokha ngati tchizulo, inayo ili fulati. Ngati wanu ndi wotero, za 20 uku 20 uko zisiyeni. Tupa ndi mwala zidye mbali yosemedwa yokha, pa madigiri 30 kapena 35, ndipo mbali yafulati muigoneke pamwala wosalala kawiri katatu, kungochotsa kamlomo.

Malo awiri amene anthu amalakwitsa. Pafupi ndi chigwiriro pali chitsulo chopingasa choteteza dzanja, chimagunda mwala, ndiye masentimita awiri oyambirira amatsala obuntha. Sunthirani mwala m'mphepete mwa tebulo kuti chitsulocho chizilendewera kunja. Kwina ndi pamene kukamwa kumakhotera kunsonga. Pofika pamenepo tukulani chigwiriro pang'ono, ndipo nsonga isagwere kunja kwa mwala pomaliza, imabulungika. Kakukamwa konama, kaja kosemedwa kumsana pamwamba pa nsonga koma kosathwa, kasiyeni mmene kalili. Mukakanola nsonga imafooka, ndiponso ndi pamene dzanja limatsamira pokankha.

Mayi_a_Nsomba_Malindi

Bambo a ku Makawa, pa ntchito mwatchulayo musavutike kuusalaza mpaka kudzionerapo nkhope. Chingwe cha nayiloni ndi khungu la kampango n'zoterera, zimafuna kukamwa kotsala ndi timano tating'ono. Mbali yosalala ya mwala wanu yakwana, kapena sandipepa wa m'madzi wa nambala 400 womata pagalasi. Mukapitirira 600 umameta ubweya bwino, koma pachingwe umatsetsereka.

Ubwino wa mpeni wonenepawu uli pamutu wa kampango ndi mlamba, paja ndi fupa lokhalokha. Ikani kukamwa pamutupo, mumenye pamsana ndi chipika chamtengo, osati hamala kapena mwala. Pansi pakhale thabwa. Mchenga wa padoko umabunthitsa mpeni msanga kuposa fupa, ndipo nsomba yogwera pansi iyambe yatsukidwa musanaidule. Chambo chofuna kuchotsa minofu bwinobwino chipezereni kampeni kopyapyala, uwu ungokunyenyerani nsomba. Pozinga mbuzi nawonso sukwanira, pamafunika mpeni wopyapyala wodutsa kamodzi kuti chiweto chisazunzike.

Mukaweruka tsukani, mupukute uume, mupake timafuta tophikira pang'ono. Oyilo wa injini asayandikire mpeni wokhudza chakudya. Pamene tupa ladutsa penti yachoka, ndiye ndi chinyontho chathu cha kunyanja kuno dzimbiri limayambira pomwepo. Chimake chachikopa chikanyowa musalowetsemo mpeni mpaka chitauma, ndipo muzichigogoda kuti mchenga utuluke.

Mlovi_Makawa

Zikomo nonse. Wanga ndi wosemedwa mbali zonse ziwiri. Ndatsata za tupa zija, tsopano chingwe ukudula, koma ndikadula kangapo wabwerera mwakale. Kamlomo kaja ndikanola uku kakuthawira uko. Mwala wanganso wakumbika pakati ngati bwato, ndipo ndimathirapo mafuta ophikira.

Mmisiri_Mpondasi

Chikudula chingwecho ndi kamlomoko, achimwene, kakangopindika mpeni wathera pomwepo. Chitsulo chofewa, makamaka chosachita dzimbiri cha mipeni yamsikayi, chimakakamira kamlomo kotere. Chitani izi pa mbali yosalala ya mwala. Tukulani msana mamilimita 2 kapena 3 kuposa mmene munanolera, kukamwa kutsogole ngati mukufuna kusenda mwalawo, dzanja lopepuka zedi, kamodzi uku kamodzi uko, kasanu mbali iliyonse. Bwererani pa muyeso wa pepala uja, kawiri katatu mopepukanso. Kenako kolekani lamba wachikopa pamsomali, mumukoke zolimba, muyendetse mpeni ka 15 mbali iliyonse, ulendo uno msana ndiwo utsogole. Lamba akakhala wolendewera amabulungitsa kukamwa. Pomaliza imani padzuwa, kukamwa kutaloza kumwamba. Kokuthwa sikuoneka, pamene pakuthwanima ndiye pobuntha kapena pali kamlomo. Ukapindikabe mutachita zonsezi, ndiye kuti chitsulocho sichingapirire 22, kwezani mufike madigiri 25.

Mwala wokumbika sungakupatseni muyeso umodzi, chifukwa mpeni ukamatsika ndi kukwera m'chigwamo kupendeka kumasinthasintha. Lembani mizere ya pensulo pamwala ponse, muthire madzi ndi mchenga wosefa pasimenti yafulati, muupere mozungulira mpaka mizere yonse itafufutika. Ponola muziyenda mwala wonse, osati pakati pokha. Mafuta ophikira amauma n'kukhala ngati ulimbo m'timabowo ta mwala, nchifukwa chake umangonyezimiritsa osadya. Uviikeni m'madzi otentha a sopo waufa, muutsuke ndi burashi, uume. Kuyambira apo muzithira palafini kapena madzi a sopo, musankhe chimodzi, ndipo mukanolera palafini mpeni muutsuke ndi sopo usanakhudze nsomba.

Kwa ena amene akuwerenga kuno: ngati m'nyumba muli beneti yeniyeni ya agogo a nthawi ya King's African Rifles, gulu la asilikali la m'masiku a atsamunda, ija ya chitsulo chotalika masentimita 43 ya mfuti ya Lee-Enfield yolembedwa 1907 pafupi ndi chigwiriro, tupa lisaikhudze. Chimenecho ndi chuma cha mbiri, mukachipala zilembo ndi maonekedwe ake sizibwereranso. Ingoipukutani ndi nsalu ya oyilo wa makina osokera, muisunge pouma, kunja kwa chimake.